Honolulu ndi Tokyo: chifukwa chake popita ku Tokyo n'kutali kuposa popita ku Honolulu

Mukafunsa kuti kuchoka ku Honolulu, pachilumba cha Oahu ku Hawaii, kukafika ku Tokyo m'dziko la Japan pali mtunda wautali bwanji pandege, yankho silichedwa: makilomita pafupifupi 6,140 ngati mukukatera pabwalo la ndege la Narita, kapena pafupifupi 6,200 ngati ndi la Haneda. Manambala amenewa ndi oona. Vuto n'lakuti ambiri amaimira pomwepo n'kumati nkhani yatha. Koma mukaona ndondomeko ya maulendo a panjirayi mudabwa. Kuchoka ku Tokyo kupita ku Honolulu ndege imatha maola pafupifupi 7, mwinanso osakwana n'komwe. Ikatembenuka kuti ibwerere, ndege yomweyo, njira yomweyo, imatha maola 8 kapena 9. Nanga ola limodzi kapena awiri apamwambawo achokera kuti?

Kuti muone kukula kwa ulendowu, kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg pandege ndi makilomita pafupifupi 1,500. Ulendo wa Honolulu ndi Tokyo ndi maulendo anayi otero, ndipo pansi ponsepo ndi madzi okhaokha.

Mmene amapezera nambala ya 6,140

Malo alionse padziko amadziwika ndi manambala awiri: kutalika kwake kuchokera pa ikweta kupita kumpoto kapena kumwera, ndi kutalika kwake kum'mawa kapena kumadzulo kuchokera pamzere wodutsa ku Greenwich ku London. Zonse amayeza m'madigiri. Honolulu ili pa madigiri 21 kumpoto kwa ikweta, Narita pa madigiri pafupifupi 36. Kum'mawa ndi kumadzulo malo awiriwa atalikirana ndi madigiri pafupifupi 62.

Digiri imodzi yopita kumpoto kapena kumwera ndi makilomita 111, kulikonse kumene mungaime. Munthu akhoza kuganiza kuti nayonso digiri yopita kumadzulo ndi chimodzimodzi, n'kuchulukitsa 62 ndi 111, n'kuwerengeranso kusiyana kwa kumpoto kuja, n'kuyeza mzere wowongoka pakati pa malo awiriwo ngati ali papepala. Akatero apeza makilomita oposa 7,000, ndipo waphonya ndi makilomita pafupifupi 900. Chalakwika n'chakuti dziko ndi lobulungira. Tengani dzungu muyang'ane mizere yake ija. Pamimba pa dzungu mizereyo yatalikirana, koma ikamapita pamwamba kapena pansi imayandikana mpaka kukumana. Mizere ya kum'mawa ndi kumadzulo imachitanso chomwecho. Pa ikweta digiri imodzi ndi makilomita 111, ku Honolulu yatsika kufika pa 104, ku Tokyo yangotsala 90.

Tsopano bayani tizitsotso tiwiri padzungupo, kamodzi kakhale Honolulu, kena Tokyo, mumange ulusi n'kuukoka kuti ukungike. Pamene ulusiwo wagona ndiye njira yaifupi koposa, ndipo oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi amaitcha great circle. Akatswiri a masamu amaiwerengera poyeza kona imene malo awiriwo amapanga pakati penipeni pa dziko. Pa Honolulu ndi Narita konayo ndi madigiri 55 ndi kachidutswa. Mukachulukitsa ndi 111 mwafika pa nambala yathu ija.

Chimandisangalatsa panjira imeneyi n'chakuti ndege siyang'ana mbali imodzi ulendo wonse. Ikanyamuka ku Honolulu imaloza kumpoto chakumadzulo, pa madigiri pafupifupi 300 pakampasi. Pang'onopang'ono singano imasuntha, ndipo pomayandikira Japan imakhala ikuloza kumadzulo kwenikweni, pa madigiri pafupifupi 270. Woyendetsa sanakhote dala. Akungotsatira ulusi uja. Pamapu ofala aja, otsatira kajambulidwe ka Gerardus Mercator ka mu 1569, njirayi imaoneka yopindika, ngati ndege ikuzungulira, pomwe ndiyo yachidule. Mapu ndiwo akupotoza, chifukwa chinthu chobulungira simungachiyale papepala osachikoka penapake.

Komabe tisakokomeze. Panjira imeneyi kupindikako sikupulumutsa zambiri. Ndege itati igwire mbali imodzi ya kampasi kuyambira ponyamuka mpaka potera, ingawonjezere makilomita pafupifupi 80 okha, omwe ndi mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Kumene great circle imaonetsa mphamvu zake ndi pa maulendo ngati a Tokyo ndi New York, omwe amakadutsa cha ku Alaska. Choncho amene amati kusiyana kwa maola pakati pa Honolulu ndi Tokyo kumabwera chifukwa dziko ndi lobulungira akulakwitsa. Kubulungira kwa dziko n'kumodzimodzi popita ndi pobwera.

Pali china chimene chimasokoneza anthu: mtunda womwewu mukhoza kuupeza utalembedwa 6,140, kwina 3,800, kwina 3,300. Palibe amene wanama. Yoyamba ndi makilomita. Yachiwiri ndi mamailosi apamtunda, amene anthu a ku America amagwiritsa ntchito, mailosi imodzi kukhala makilomita 1.609. Yachitatu ndi mamailosi apanyanja, a makilomita 1.852, omwe ndi chiyankhulo cha oyendetsa ndege. Ndipo nawonso mtundawo suli chiimire: chithanthwe chachikulu chimene chanyamula pansi pa nyanja ya Pacific chikusuntha kulowera kumpoto chakumadzulo, moti Hawaii akuyandikira Japan ndi masentimita angapo chaka chilichonse. Izi sizisintha tikiti ya munthu aliyense.

Mphepo ndiyo mwini nkhani

Ndege siyenda pansi, imayenda mumpweya, ndipo mpweyawo nawo uli paulendo wake. Liwiro la ndege zikuluzikulu za masiku ano, pafupifupi makilomita 900 pa ola, ndi liwiro lake podula mpweya. Ngati mpweya wonsewo ukuthamangira kum'mawa, ndege yopita kum'mawa imanyamulidwa, yopita kumadzulo imabwezedwa.

M'mwamba, pakati pa makilomita 9 ndi 12 kuchokera pansi, pomwe ndege zonyamula anthu zimakonda kuuluka, muli mphepo yamphamvu yoomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, yotchedwa jet stream. Imabadwa chonchi: mpweya wa cha ku ikweta ndi wofunda, wa kumpoto ndi wozizira. Kusiyana kumeneku kumachititsa kuti mpweya wam'mwamba uzikankhidwira kumpoto, koma popeza dziko likuzungulira, umapatutsidwa n'kumathamangira kum'mawa. Kusiyana kwa kutentha kukakula, mphepo nayo imakula. N'chifukwa chake imalusa kwambiri m'nyengo yachisanu ya kumeneko, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, pamene Siberia yauma ndi chisanu koma nyanja ya kumwera kwa Japan ikadali yofunda. Mlengalenga mwa Japan ndi amodzi mwa malo amene mphepoyi imathamanga kwambiri padziko lonse, ndipo m'miyezi imeneyi ikhoza kupitirira makilomita 300 pa ola.

Tiyeni tichite masamu ochepa, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Kukanakhala bata, makilomita 6,140 pa liwiro la 900 akanatha maola 6.8. Tiyerekeze kuti paulendo wonse mphepo ikuomba makilomita 100 pa ola kulowera kum'mawa. Ndege yochoka ku Tokyo iziyenda 1,000 pa ola poyerekeza ndi nyanja ili pansiyo, ndipo ifika m'maola 6.1. Yochoka ku Honolulu iziyenda 800, ndipo itha maola 7.7. Muwonjezerepo nthawi yoyenda pabwalo, yokwera, yotsika ndi yodikira mpata wotera, mwapeza maola 7 ndi maola 8 kapena 9 a pandondomeko aja.

Taonani bwino manambalawo. Popita ku Honolulu mwapindula maola 0.7, popita ku Tokyo mwataya 0.9. Mphepo sibweza zonse zimene yalanda, chifukwa ndege imakhala nthawi yaitali ikulimbana nayo kuposa nthawi imene ikuthandizidwa. Mphepo ikakula, ngongoleyo imakulanso.

Apa ndiye pamatuluka mitunda iwiri paulendo umodzi. Pali mtunda wapansi, 6,140, umene susintha. Palinso mtunda wa mpweya umene ndege yadula. M'chitsanzo chathu, yopita ku Honolulu yadula mpweya wa makilomita pafupifupi 5,500, pomwe yopita ku Tokyo yadula pafupifupi 6,900. Injini sizidziwa za mapu. Zimamwa mafuta molingana ndi mtunda wachiwiriwu. Kwa ine, ngati munthu akufuna kumvetsa ulendo wapandege, nambala yofunika ndi imeneyi, ngakhale kuti siilembedwa patikiti. Ndiyo imalamula kuchuluka kwa mafuta oti athire, ndipo mafuta ndi olemera: akachuluka, ndege imalemera, ndipo ikalemera imamwanso mafuta ambiri ponyamula mafuta omwewo.

Ena amafunsa kuti, popeza dziko limazungulira kulowera kum'mawa, bwanji ndege yopita kumadzulo sifika msanga, poti Tokyo akubwera kudzakumana nayo? Funsoli ndi lanzeru, koma yankho n'lakuti mpweya umazungulira limodzi ndi dziko, ndipo ndege ili chiimire pabwalo imakhala ikuzungulira nalo kale. Ikanyamuka liwirolo silichoka. Kuzungulira kwa dziko kumalowerera m'nkhaniyi kudzera kukhomo lina, popatutsa mphepo ija.

Amene anaiona koyamba

Mphepo imeneyi ili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo inayambira kumapeto kwenikweni kwa njira tikukambayi. M'zaka za m'ma 1920, katswiri wa zanyengo wa ku Japan, Wasaburo Oishi, ankaulutsa mabaluni kuchokera pamalo oyezera nyengo ku Tateno, kumpoto chakum'mawa kwa Tokyo, n'kumawatsatira ndi zipangizo. Anapeza kuti m'nyengo yachisanu mabaluniwo akafika m'mwamba amakokoledwa mwamphamvu kulowera kum'mawa. Zimene anapezazo anazilemba m'chiyankhulo cha Esperanto, chomwe chinachita kupangidwa kuti chikhale cha dziko lonse, pofuna kuti anthu a mitundu yonse awerenge. Zotsatira zake, akatswiri ambiri akunja sanaziwerenge. Zimandimvetsa chisoni kuti munthu amene ankafunitsitsa kugawana nzeru ndi dziko lonse ndiye amene dziko linachedwa kumumva.

Amene anamumva anali asilikali. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse, kuyambira Novembala 1944, dziko la Japan linaulutsa mabaluni oposa 9,000 onyamula mabomba, kudalira mphepoyi kuti iwaolotse nyanja ya Pacific. Pafupifupi 300 anapezeka ku North America, ndipo limodzi linapha anthu asanu ndi mmodzi ku Oregon mu Meyi 1945, asanu mwa iwo ana. Nthawi yomweyo oyendetsa ndege zankhondo za America za mtundu wa B-29 ankakumana ndi mphepo yomweyi pamwamba pa Japan, ikuwasokoneza.

Ntchito yamtendere inabwera pa 18 Novembala 1952. Ndege ya kampani ya Pan Am inanyamuka ku Tokyo, n'kukwera mpaka mamita 7,600, n'kulola mphepo kuikankha mpaka ku Honolulu osatera panjira. Ulendo umene unkatha maola 18 unatha maola 11 ndi theka. Masiku amenewo ndege zinkaima pachilumba cha Wake kuthira mafuta, ndipo Wake sali panjira yachidule. Kuchoka ku Tokyo kufika pa Wake ndi makilomita pafupifupi 3,200, kuchoka pa Wake kufika ku Honolulu pafupifupi 3,700, zonse pamodzi 6,900. Nayonso kampani ya Japan Airlines, itayamba maulendo ake oyamba akunja mu Febuluwale 1954, inkachoka ku Tokyo, kuima pa Wake, kuima ku Honolulu, kenako San Francisco. Kwa anthu a nthawi imeneyo mtunda wa Tokyo ndi Honolulu unali wotalikirapo ndi makilomita 700, osati chifukwa cha mapu koma chifukwa cha kuchepa kwa matanki.

Njira ya lero si njira ya mawa

Poti mphepo imasuntha tsiku ndi tsiku, njira nazo zimasuntha. Pakati pa Japan ndi Hawaii, komanso Japan ndi gombe la kumadzulo la America, pali dongosolo lotchedwa PACOTS, pomwe njira za m'mwamba zimajambulidwa mwatsopano tsiku lililonse potengera zimene azanyengo alosera. Ntchitoyi imagwiridwa ndi oyang'anira mlengalenga a ku Oakland, California, ndi a ku Fukuoka, Japan. Ndege zopita kum'mawa amazilowetsa mumphepo momwe kuti iwakankhe. Zopita kumadzulo amazilambalalitsa, ngakhale zitatanthauza kuwonjezera makilomita, chifukwa njira yaitali yabata ikhoza kudya mafuta ochepa kuposa yachidule yolimbana ndi mphepo. Ndiye mukaona pa intaneti kuti ndege ina yayenda makilomita ochuluka kuposa 6,140, sikuti inasochera.

Pakati pa nyanja palibe radar yapansi yoti n'kuona ndege. Oyang'anira amadalira mauthenga a pa setilaiti ndi wailesi yakutali, ndipo amasiya mipata ikuluikulu pakati pa ndege ndi inzake. Nazonso zimachititsa kuti woyendetsa asamangopatsidwa njira kapena msinkhu umene akufuna.

Palinso funso limene aliyense wokwera ndege pamwamba pa nyanja amakhala nalo mumtima: injini ikazima, titera kuti? Kale malamulo a ku America, kuyambira 1953, sankalola ndege za injini ziwiri kutalikirana ndi bwalo loterapo kupitirira mphindi 60. N'chifukwa chake nyanja ya Pacific inali ya ndege za injini zitatu kapena zinayi. Injini zitayamba kudalirika, panabwera malamulo otchedwa ETOPS: mphindi 120 mu 1985, kenako 180 mu 1988, ndipo ndege zina zatsopano zaloledwa kupitirira pamenepo. Tanthauzo lake n'lakuti njira iyenera kujambulidwa mwakuti paliponse pamene ndege ili, ikhoza kufika pabwalo lina ndi injini imodzi nthawi yololedwayo isanathe.

Apa ndi pamene kachilumba ka Midway kamakhala kamtengo wapatali. Kali makilomita pafupifupi 2,100 kumpoto chakumadzulo kwa Honolulu, pa madigiri 28, ndipo mukakoka ulusi uja mupeza kuti ukudutsa pafupi nako. Pa Midway palibe mzinda. Ndi malo otetezedwa a zinyama, oyang'aniridwa ndi U.S. Fish and Wildlife Service, ndipo eni ake enieni ndi mbalame zikuluzikulu zam'nyanja zotchedwa albatross, zomwe zimaikira mazira pamenepo miyandamiyanda. Komabe bwalo lake la ndege, Henderson Field, amalisamalirabe kuti ndege ikapeza vuto itere. Mu Juni 2011 ndege ya kampani ya Delta ya mtundu wa Boeing 747, yochoka ku Honolulu kupita ku Osaka, inatera pamenepo galasi lakutsogolo litachita mng'alu. Anthu ambiri odutsa pamwamba pa Midway amakhala ali m'tulo kapena akuonera kanema, osadziwa kuti pansipo pali bwalo limene likuwadikira iwowo. Kuchoka pa Midway kufika ku Tokyo kwatsala makilomita pafupifupi 4,100, ndipo m'chigawo chimenechi bwalo lina lodalirika ndi la Wake yemwe uja, amene ndege zinasiya kuimapo kalekale koma sizinasiye kumuwerengera.

Anthu a panjirayi, ndi tsiku limene limasowa

Njirayi ndi yotanganidwa chifukwa ubale wa Japan ndi Hawaii ndi wakale. Mu 1868 gulu loyamba la anthu pafupifupi 150 linachoka ku Yokohama pasitima kukagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Hawaii, ndipo linatha mwezi wathunthu panyanja. Kuyambira 1885 anthu zikwizikwi anatsatira, moti lero mabanja ambiri a ku Hawaii makolo awo anachokera ku Japan. Mu 2019 alendo oposa 1.5 miliyoni anafika ku Hawaii kuchokera ku Japan. Chaka chomwecho kampani ya All Nippon Airways inaika panjira ya Narita ndi Honolulu ndege zazikulu za Airbus A380, za mipando 520, zopakidwa utoto ngati akamba am'nyanja.

Onsewa amadutsa mzere wosinthira tsiku, umene umatsatira digiri ya 180, kumadzulo pang'ono kwa Midway. Nthawi ya ku Japan ili patsogolo pa ya ku Hawaii ndi maola 19, ndipo malo onse awiri sasintha mawotchi ndi nyengo, choncho kusiyanaku n'kwa chaka chonse. Mukanyamuka ku Tokyo Lachisanu 9 koloko usiku, ku Honolulu imakhala ili 2 koloko m'bandakucha wa Lachisanu lomwelo. Pakatha maola 7 mukutera 9 koloko m'mawa, likadali Lachisanu, ndipo tsikulo mulionanso kachiwiri. Pobwerera zimatembenuka: mwanyamuka ku Honolulu Lachisanu 12 koloko masana, mwauluka maola 9, mukutera ku Tokyo 4 koloko madzulo Loweruka.

Thupi lokha silimva maola 19. Limamva maola 5, chifukwa 24 kuchotsapo 19 ndi 5, ndipo dzuwa la ku Hawaii limatuluka maola pafupifupi 4 kapena 5 lisanatuluke la ku Japan. Chimene chimavuta ndi kalendala. Munthu wowerengera nthawi ya ulendo pongochotsa ola lonyamukira pa ola lofikira apeza kuti ulendo wa ku Honolulu unatha usanayambe, ndipo wa ku Tokyo unatha maola 28. Nthawi zonse zolembedwa patikiti ndi za kumalo kumene ndege ili, ponyamuka ndi potera. Pa tikiti yopita ku Tokyo, pafupi ndi ola lofikira, pamakhala kachizindikiro ka +1, kusonyeza kuti mufika tsiku lotsatira, ndipo wokakuchingamirani ku Narita kapena ku Haneda mumuuze tsiku limenelo, osati limene mwanyamukira.